Maina a Malupanga a mu Africa: Kupenda Buku la Stone

Achewa ndi Amang'anja sanali anthu a malupanga. Pa nkhondo ndi pa uzimba anali kudalira uta ndi mibvi, nthungo ndi nkhwangwa. Ndipo Angoni, ataoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835, anafika ndi chishango cha chikopa cha ng'ombe, chibonga, ndi nthungo yaifupi yobayira pafupi. Anthu ambiri a dziko lino anazolowera mau akuti "lupanga" powamva m'Buku Lopatulika, asanalione lupangalo ndi maso. Koma kumpoto, kuyambira ku Ethiopia ndi ku Sudan mpaka ku Senegal, ndiponso m'nkhalango za ku Congo, kunali mitundu yambiri ya anthu kumene mwamuna waulemu sanali kuyenda ulendo wopanda lupanga m'chuuno kapena paphewa. Ambiri a malupanga amenewo tsopano ali m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku London, ku Paris, ku Berlin ndi ku New York, ndipo pansi pa lililonse pali kapepala kotchula dzina la lupangalo ndi mtundu wa anthu amene akuti ndiwo eni ake. Nkhani ino ili kupenda maina amenewo, makamaka buku limodzi limene ogulitsa zida zakale, ozisonkhanitsa ndi ozisunga akhala akutungamo maina kwa zaka zoposa 90.

Bukulo analemba ndi George Cameron Stone wa ku America, ndipo linasindikizidwa m'chaka cha 1934. Dzina lake ndi lalitali, A Glossary of the Construction, Decoration and Use of Arms and Armor in All Countries and in All Times, koma onse olidziwa angoti "Stone". Bambo ameneyu anabadwa m'chaka cha 1859, ndipo nchito yake yodyera inali ya miyala ya m'migodi ndi kusungunula zitsulo. Za zida zankhondo anazichita chifukwa cha kuzikonda chabe. Anagula zida kwa zaka zambiri, ndipo pomwalira m'chaka cha 1935 anasiyira nyumba ya Metropolitan Museum ku New York zida zoposa 3,000. Buku lake lili ndi masamba pafupifupi 700, maina atandandalikidwa monga mwa A, B, C, pamodzi ndi zithunzi zambirimbiri.

Munthu wosakondera ayenera kuyamba ndi kuliyamika bukuli. Lisanatuluke, maina a zida anali omwazika m'mabuku a anthu apaulendo, m'zinenero zosiyanasiyana, ndipo munthu wofuna kudziwa lupanga limene lili m'manja mwake analibe poyambira. Stone anali wodziwa chitsulo, ndipo pamene afotokoza za zida za ku Japan, ku India ndi ku Persia alankhula ngati mwini nkhani. Koma pofika pa Africa bukulo lichepa mphamvu, ndipo kumeneko ndiko kuonekera poyera chilema cha njira yake. Njirayo ndi yopatsa lupanga lililonse dzina limodzi ndi mtundu umodzi wa anthu, monga ngati lupanga ndi mwana amene ali ndi mai mmodzi ndi mfunda umodzi.

Chitsanzo choyenera kuyamba nacho ndi lupanga la ku Sudan. Lupanga limeneli ndi loongoka, lakuthwa konsekonse, lotalika ngati yadi imodzi. Pakati pa chitsulo ndi chigumbu pali kachitsulo kopingasa kotchinjiriza dzanja, kotero kuti lonse lioneka ngati mtanda. Chimake chake ndi chachikopa, kawirikawiri chofiirira, chotambasuka kunsonga ngati tsamba, ndipo mwini wake alipachika paphewa. Malupanga otere anafika ku England ochuluka zedi itatha nkhondo ya ku Omdurman ya pa 2 September 1898, pamene asilikali a Kitchener, okhala ndi mizinga ndi mifuti ya Maxim, anapha ankhondo pafupifupi 10,000 kapena kuposapo a Khalifa Abdullahi, wolowa m'malo mwa Mahdi, pomwe kumbali kwao anafa osakwana 50. Asilikaliwo anatola malupanga pa bwalo la nkhondo nanka nao kwao ngati chikumbutso. M'mabuku a Chingerezi lupanga limeneli litchedwa "kaskara", ndipo amene anafalitsa dzinali koposa onse ndi Stone.

Tsono chodabwitsa ndi ichi. Anthu amene anapita ku Kassala ndi ku Darfur m'zaka za m'ma 1980 kukacheza ndi osula ndi eni malupanga anapeza kuti mau akuti "kaskara" si ao anthu a kumeneko. Mwini lupanga angoti "saif", mau a Chiarabu otanthauza lupanga basi. Nanga dzinali linachokera kuti? Lipezeka m'buku la Richard Burton lotchedwa The Book of the Sword, la m'chaka cha 1884, Burton yemwe uja anafika ku nyanja ya Tanganyika pamodzi ndi Speke m'chaka cha 1858. Ndipo m'menemo ndi dzina la lupanga la anthu a ku Bagirmi. Stone nayenso analemba kuti kaskara ndi lupanga la Abagirmi. Koma Bagirmi ndi dziko la m'mbali mwa mtsinje wa Chari, kummwera chakum'mawa kwa nyanja ya Chad, mtunda woposa mamailo 1,000 kuchokera ku Omdurman. Motero mau a anthu a kuchigawo cha nyanja ya Chad anatoledwa ndi Mngerezi, nalandiridwa ndi munthu wa ku America, namatidwa pa lupanga la anthu a ku Nile amene sanali kuwanena. Zili ngati mlendo atamva Mtumbuka wa ku Rumphi akutchula mpeni kuti "chimayi", nakalemba m'buku kuti mipeni ya ku Nsanje itchedwa chimayi, ndipo ana a sukulu a ku Nsanje nauzidwa kuti aloweze dzinalo pokonzekera mayeso. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma pa nkhani ino amene anadya phulalo ndi owerenga.

Ndipo lupanga limeneli ndi la mtundu uti? Analinyamula Ahadendowa ndi abale ao a mtundu wa Beja kumapiri a kufupi ndi Nyanja Yofiira. Analinyamula Abaggara oweta ng'ombe, mtundu wa Khalifa mwini wake. Analinyamulanso Afur a ku Darfur, amene mfumu yao Ali Dinar, wophedwa m'chaka cha 1916, inasiya malupanga okongoletsedwa ndi siliva ndi golide. Mitundu itatu imeneyi isiyana chinenero, mbiri ndi makhalidwe omwe. Kapepala kotchula umodzi wa iyo kalanda iwiri inayo chinthu chimene chinali chaonso.

Pa lupanga lomweli panameranso nthano ina. Poona mtanda uja, Azungu ambiri a nthawi ya Mfumukazi Victoria anakhulupirira kuti amenewa ndi malupanga a makolo ao, ankhondo a mtanda amene anali kupita kukamenyana ndi Asilamu ku Palestine kuyambira 1096 mpaka 1291, ndi kuti anthu a ku Sudan anangowasunga kapena kuwatsanzira. Nthanoyi inali yokoma m'makutu mwa ogula. Koma akatswiri ambiri tsopano abvomerezana kuti Aarabu akale, asanayambe kukonda malupanga okhota, anali ndi malupanga oongoka, ndipo kumeneko ndiko kuyenera kufunidwa makolo a lupanga la ku Sudan. Mtima wa nthanoyi ndi womwe uja unapereka makoma a Great Zimbabwe kwa Afoinike, mpaka David Randall-MacIver m'chaka cha 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson m'chaka cha 1929 anakumba pansi naonetsa kuti anamanga ndi anthu a mu Africa momwemo.

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali ina, imene munthu wonyadira Africa sayenera kuibisa. Zitsulo za malupanga ambiri abwino a ku Sudan ndi ku Sahara zinasulidwadi ku Ulaya, koma osati ndi ankhondo a mtanda ai. Zinasulidwa ndi amisiri a mzinda wa Solingen ku Germany, amene anali kusulira malonda. Heinrich Barth, Mjeremani amene anafika mumzinda wa Kano m'chaka cha 1851 napenda malonda ake mosamala, anayerekeza kuti zitsulo za malupanga zokwana 50,000 zinali kulowa mumzindamo chaka ndi chaka, pafupifupi zonse za ku Solingen. Zinali kufika zamaliseche, zopanda chigumbu ndi chimake, zitaoloka nyanja ya Mediterranean pa zombo ndi chipululu cha Sahara pa ngamira. Amisiri a ku Kano ndiwo anali kuzibveka, ndipo Barth anatchula ogula ake: Atuareg, Ahausa, Afulani, Anupe ndi anthu a ku Bornu. Mitundu isanu pa msika umodzi, ndi chitsulo cha mtundu wachisanu ndi chimodzi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Lupanga silifanana ndi mphika, umene mai mmodzi aumba yekha kuyambira pokumba dongo mpaka pootcha. Lifanana ndi khasu la masiku ano: chitsulo chigulidwa m'sitolo, mpini usemedwa kumudzi, ndipo wolimira angakhale munthu wina amene anangobwereka. Wosula chitsulo ndi wina, wokonza chigumbu ndi wina, wosoka chimake ndi wina. Wogulitsa, wolinyamula ndi wolilanda pa nkhondo nawonso ndi anthu osiyana. Ndiponso chitsulo chabwino chikhala zaka mazana, pomwe chikopa ndi mtengo zitha msanga, kotero kuti lupanga limodzi libvekedwa kawiri kapena katatu, kwina m'maiko otalikirana. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma pa tsamba la Stone pali malo a dziwe limodzi lokha.

Ngakhale zizindikiro zodindidwa pa chitsulo sizithetsa mlandu. Osula a ku Germany anali kudinda mmbulu wothamanga, chizindikiro chakale cha mzinda wa Passau, kapena mwezi watsopano wokhala ndi nkhope ya munthu, kapena mkango, nchenche, ndi mpira wokhala ndi mtanda pamwamba. Ogula a mu Africa anazikonda zizindikiro zimenezi nazipatsa matanthauzo aoao, ndipo osula a mu Africa anayamba kuzidinda pa zitsulo zao. Lloyd Cabot Briggs, amene anapenda malupanga a Atuareg nalemba za iwo m'chaka cha 1965, anaonetsa zizindikiro zotsanzira zotere pambali pa zenizeni za ku Ulaya. Wina angachitche chinyengo. Koma wosula wa ku Agadez wodinda miyezi iwiri pa chitsulo chake sanali kudzitcha Mjeremani. Anali kupatsa wogula chimene wogulayo anali kuchiyesa mphamvu ndi mwai wa lupanga. Ku Kassala, malonda akale a zitsulo za ku Ulaya atatha, osula anatembenukira ku masipuling'i a magalimoto akutha, ndipo malupanga a masipuling'iwo nawonso anadindidwa zizindikiro zakalezo. Munthu wongoona mwezi nafulumira kunena kuti "Solingen" alakwa chimodzimodzi ndi wongoona chimake chofiira nanena kuti "Bagirmi".

Lupanga la ku Sahara, limene mabuku alitcha "takouba" nalipereka kwa Atuareg, lionetsa chilema chomwecho mwa njira ina. Pano dzina ndi loona, pakuti Atuareg atero ndithu. Koma Ahausa nawonso lupanga alitcha "takobi", ndipo asilikali apakavalo a mafumu a ku Sokoto, ku Kano ndi ku Bida anali kunyamula la maonekedwe omwewo. Chifukwa chimene linagwera Atuareg okha ndi chapafupi: Azungu, makamaka Afalansa, anachita chidwi ndi amuna ophimba nkhope okwera pa ngamira, nawajambula ndi kulemba za iwo koposa anansi ao. Ndiponso Mtuareg wa banja la mfulu sanali kusula. Kwao kusula ndi nchito ya gulu lapadera lotchedwa inadan, limene akulu anali kulidalira, kuliopa ndi kulipeputsa pa nthawi imodzi, osakwatirana nalo. Kapepala kolembedwa "Tuareg" kakumbutsa munthu za mfulu yokwera pa ngamira, koma dzanja limene linagwira nyundo silioneka.

Kum'mawa kwa Africa zili chimodzimodzi. Lupanga lalifupi lotambasuka kunsonga, la chimake chofiira, lidziwika konse kuti ndi la Amaasai, ndipo mabuku alitcha "seme". Mau amenewo ndi a Chiswahili, "sime", chinenero cha amtengatenga ndi omasulira amene Azungu anali kuyenda nao; Amaasai eni ake ati "olalem". Akikuyu ndi Achagga anali ndi malupanga ofanana nalo, ndipo pakati pa Amaasai osula anali gulu lopatulidwa, ilkunono, monga inadan a ku Sahara. Pambuyo pake ambiri a malupanga amenewa anadulidwa kuchokera ku zikwanje za m'sitolo, zina za Martindale wa ku Birmingham, za chizindikiro cha ng'ona. Wowerenga wa kuno angaganizire nthungo imene onse aitcha ya Chingoni. Angoni paulendo wao anameza Ansenga, Atumbuka, Achewa ndi ena ambiri, ena mwa iwo odziwa ng'anjo ndi chipala. Palibe munthu angalumbire kuti nthungo iliyonse ya Chingoni inasulidwa ndi mdzukulu wa anthu amene anachoka ku Natal.

Nthawi zina cholakwika si dzina la lupanga koma dzina la mtundu womwe. Ku Congo kuli lupanga lalikulu lokhota kunsonga ngati chisenga, lotchedwa ngulu, limene ogulitsa akonda kulilemba kuti ndi lupanga la Abangala lodulira mitu. Dzina lakuti Bangala linalowa m'mabuku ndi Stanley, amene anatsika ndi mtsinje wa Congo m'chaka cha 1877, ndipo akapitao a Mfumu Leopold atamanga boma la dzina limenelo m'chaka cha 1884 anayamba kulitcha anthu onse a m'mbali mwa mtsinje kumeneko, ngakhale anali a midzi ndi zinenero zosiyana. Olemba mbiri aonetsa kuti mtundu waukulu umodzi wotchedwa Bangala unalipo m'makalata a boma usanakhalepo pakati pa anthu. Malupangawo anali kusulidwa ndi Angombe ndi anansi ao nayenda ndi malonda a pamtsinje. Ndipo pambali pa kupha, anali chizindikiro cha ufumu ndi chobvinira. Koma mau akuti "lodulira mitu" ndiwo agulitsa msanga.

Sikungakhale chilungamo kunena kuti kutchula lupanga ndi mtundu wa anthu ndi bodza nthawi zonse. Kumapiri a Kabylia ku Algeria kuli lupanga lalitali losongoka lotchedwa flyssa, ndipo dzinalo lichokera kwa Iflissen, anthu a kufupi ndi nyanja amene analidi osula ake. Camille Lacoste anafotokoza za nchito yao m'chaka cha 1958. Pamenepo dzina, mtundu ndi chipala zili pamodzi. Kwa Aasante a ku Ghana nkhani ipitirira apo. Iwo sanadikire mlendo kuti awatchulire: lupanga la ufumu ati afena, ndipo asiyanitsa akrafena, lonyamulidwa kudzanja lamanja kwa mfumu, ndi bosomfena, la kudzanja lamanzere. Malupanga akuluakulu ali ndi maina aoao ngati anthu, monga Mponponsuo, limene mafumu aang'ono agwira polumbira pamaso pa Asantehene. Anthu otere anali ndi dongosolo la maina lakuya koposa la Stone, ndipo linalipo asilikali a Garnet Wolseley asanatenthe mzinda wa Kumasi m'chaka cha 1874. Chimene chinasowa ndi wolifunsa.

Nanga munthu wofuna kudziwa kwao kwa lupanga achite chiani? Ayambe ndi zimene zitha msanga, ndizo chigumbu ndi chimake, pakuti zimenezo kawirikawiri zinapangidwa kufupi ndi kumene lupangalo linagwira nchito komaliza. Chigumbu cha nyanga ya chipembere, chotambalala kumwamba ndi kumunsi ndi chochepa pakati ngati mtondo, chiloza ku Ethiopia, ngakhale chitsulo chitakhala cha Wilkinson wa ku London, amene anasulira dzikolo zitsulo zolembedwa malemba a Chiamhara ndi chithunzi cha mkango wa Yuda. Koma ngakhale pamenepo kudekha nkofunika, pakuti chimake chotambasuka kunsonga, chimene ambiri achiyesa cha ku Sudan kokha, chipezekanso kwa Amandinka kumadzulo kwa Africa. Maonekedwe aloza chigawo ndi njira ya malonda, saloza mudzi. Kapepala koona kayenera kunena kumene chitsulo chinasulidwa, kumene chinabvekedwa, anthu amene anali kunyamula malupanga otere ndi dzina limene iwo anali kuwatcha, ndipo pamwamba pa zonse kanene munthu amene analitenga, malo ake ndi chaka chake. Mfundo yotsirizayi ndiyo idziwika bwino koposa zonse, popeza msilikali kapena mtsamunda anali kulemba. Koma ndiyonso isiyidwa kawirikawiri. Nthawi zambiri mtundu wolembedwa pa kapepala ndi mtundu wa anthu amene Mzungu anawapeza nalo lupangalo tsiku limene analigula kapena kulilanda, ndipo mau amodziwo abisa zonse ziwiri, kusulako ndi kulandako.

Buku la Christopher Spring wa ku British Museum, African Arms and Armour, la m'chaka cha 1993, linayenda mtunda wabwino pa njira imeneyi. Silindandalika maina, koma ligawa Africa m'zigawo, nilifotokoza zida pamodzi ndi malonda, chipembedzo ndi ufumu wa eni ake. Ndilo loyenera kuperekedwa kwa wophunzira asanaone Stone. Komabe nalonso linasunga "kaskara", popeza dzina likazika mizu m'mabuku ndi m'misika silizulika msanga, ndipo wolemba aopa kuti akanena "saif" anzake sadzamva lupanga limene ali kunena. Chimenecho ndi chifukwa chomveka, koma chitanthauza kuti pa nkhani ya lupanga la ku Sudan munthu wa ku Sudan ndiye ayenera kuphunzira dzina lachilendo.

Wina angafunse kuti kodi mlandu wa kapepala uli ndi phindu lanji. Kale unalidi mlandu wa akatswiri okhaokha. Koma maiko a mu Africa atayamba kuitanitsa zinthu zao zimene zinatengedwa pa nthawi ya atsamunda, kapepala kaja kanasanduka mboni, pakuti chinthu chibwezedwa kwa amene kapepala kamtchula. M'chaka cha 2024 nyumba ziwiri za ku London, British Museum ndi Victoria and Albert Museum, zinabwereketsa zinthu 32 kwa Asantehene ku Kumasi, pakati pake pali lupanga la ufumu. Ndipo kumeneko kunalibe kukayika za mwini wake, chifukwa eni ake anasunga maina ndi mbiri.

Za lupanga la El Hadj Omar Tall zinayenda mwina. Omar anabadwira ku Futa Toro, m'chigwa cha mtsinje wa Senegal, nakhazika ufumu waukulu wa Chisilamu umene mabuku autcha wa Atoucouleur, ngakhale anthuwo eni ake adzitcha Haalpulaar, ndiko kunena olankhula Chipulaar. Anafera kufupi ndi Bandiagara m'chaka cha 1864. M'chaka cha 1893 Louis Archinard, mkulu wa asilikali a France, anagonjetsa Bandiagara pothamangitsa Ahmadou, mwana wa Omar, natenga lupanga limene pambuyo pake analipereka ku Musée de l'Armée ku Paris, kumene linadziwika ndi dzina la Omar. Pa 17 November 2019 nduna yaikulu ya France, Édouard Philippe, inalipereka m'manja mwa Macky Sall, amene pa nthawiyo anali mtsogoleri wa Senegal, ndipo lamulo la France la mu December 2020 linatsimikiza kuti lupangalo ndi la Senegal. Chigumbu ndi chimake chake ndi nchito ya amisiri a kumadzulo kwa Africa; koma chitsulo chake chili ndi dzina la Klingenthal, mudzi wa osula wa ku Alsace m'dziko la France momwemo. Akatswiri ena a mbiri akayika ngati Omar analigwirapo, popeza linatengedwa patapita zaka 29 iye atamwalira, ndipo aganiza kuti linali la Ahmadou. Adzukulu a Omar analilandira ndi chimwemwe, ndipo palibe angawadzudzule. Lupangalo linaikidwa m'nyumba ya Musée des Civilisations Noires ku Dakar. Koma Bandiagara, kumene Archinard analitenga, ali m'dziko la Mali.